Yankho kwa msuweni pa za ndege ya achemwali ija

Haloo... ikujambula iyi? Eya. Msuweni, mwamuna wanga wosandigulira ndi sopo yemwe, ndaona zimene walemba pa gulupu m'mawa muja. Ndinali kumunda kokumbitsa kachewere, manja ali matope okhaokha, ndiye zolemba ayi, ungomva mawu. Akuti, dikira ndiwerenge bwino, "Kodi ndege ikachedwa tsiku lathunthu ngati ya achemwali ija, a kampani amapereka kenakake? Ndangofunsa." Ndangofunsa! Iwe? Chibadwire sunangofunsapo chinthu iwe. Ngakhale muja unkafunsa ngati agogo agona, tonse tinkadziwa kuti maso ali pa nthochi za kuseri kwa nkhokwe.

Chabwino. Poti ndinagwirako pa ofesi yogulitsa matikiti ku Lilongwe kuja, ndiye mwandisandutsa loya wa banja wosalipidwa. Ndikuuza. Koma kaye... iwe mwana, tseka chitsekocho, mphepo ya pa Lizulu ino sidziwa kuti dzinja kapena chilimwe... pepa, ndimanena ndi mwana.

Funso lakoli landikumbutsa amalume, bambo ako aakulu. Iwe unawadziwa atakalamba, akungokhala pa mpando wa ndalema uja, koma munthu uja ndege anayamba kukwera ife tonse tisanabadwe. Anapita ku Joni ali mnyamata ndi Wenela, kampani ija inkalemba anthu opita kumigodi. Ndiye mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, itangonyamuka, anthu athu opitirira 70 nkuferamo, anthu oti amabwerera kumudzi ndi timasutikesi tawo. Kamuzu anakwiya, nkuletsa zolemba anthu opita kumigodi. Amalume atabwerako analumbira pamaso pa agogo kuti iwo chinthu chouluka sadzakweranso. Ankati, "Basi ikafa mumatsika nkukankha. Nanga icho mukankhira pati?"

Zaka zonse zija anasungadi lumbiro. Mpaka ukwati wa ku Joni uja, ukuudziwa, uja azakhali anakana kupita chifukwa cha nkhani ya mbuzi. Mwana wa amalumewo anatumiza tikiti ya ndege. Amalume akuti ayi, ndikwera basi, ndidutsa pa Dedza, Tete, Zimbabwe, ndikafika. Koma miyendo inali itayamba kale kutupa, masiku awiri pa mpando sakanatha. Tinawanyengerera sabata yathunthu. Tsiku lonyamuka anatulukira atanyamula chibonga m'manja, ati Mngoni sayenda chimanjamanja. Ku Lumbadzi anawauza mwaulemu kuti madala, ichi m'ndege simulowa nacho, ndiye chinalowa mu sutikesi, pamodzi ndi suti ya ukwati, nyemba, ndi ufa woyera wa m'jumbo. Ufa ndi suti malo amodzi, tamva.

Kufika ku Joni, lamba wa katundu uja zungulire zungulire, anthu onse atenga zawo, ya amalume kulibe. Mwana akuimba foni ali panja, akuti adadi tulukani, ibwera mawa imeneyo. Amalume anakhala pansi pomwepo. Ati, "Ine kumgodi ngakhale jombo ankatisainitsa. Pano sindichoka popanda pepala." Chizungu chinawathera, anayamba Fanakalo yawo ya kumigodi ya kalekale ija, mtsikana wa pa kauntala akungoseka. Koma atawafunsa kasitika kaja amamata kumbuyo kwa boarding pass, kokhala ndi nambala ya sutikesi, amalume anatsegula buku la nyimbo, kali pomwepo, kosapindika ndi pang'ono pomwe. Anawalembera fomu, nkuwapatsa nambala ya dandaulo.

Ukwati unali Loweruka... kapena Lamlungu? Ayi, Loweruka, chifukwa Lamlungu ndi lomwe anatiimbira akudandaula nsima ya kumeneko. Ndiye anakagula malaya ndi thalauzi, malisiti onse m'buku la nyimbo. Sutikesi inafika tsiku lachinayi, jumbo itaphulika, suti yakuda ija itayera ngati ya m'busa wa Ziyoni, chibonga chili bwinobwino pakati pa ufa. Mwana analemba kalata, anamata malisiti, ndalama ya malaya ndi thalauzi inabwezedwa. Malaya amenewo ndi aja amizeremizere ankawatcha malaya a ndege, aja tinawaveka... eya. Ukudziwa. Tisiye zimenezo.

Ndinali pati? Ee, achemwali ako.

Mwachidule, inde, ndalama ingakhalepo. Mwayi wawo ndi woti ananyamukira ku London. Ku UK kuli lamulo, anatengera la ku Ulaya la 2004, anthu amangoti 261. Limagwira ndege iliyonse yonyamukira kumeneko, kaya kampaniyo ndi ya kuti. Ndipo sawerengera nthawi imene mwanyamuka, amawerengera nthawi imene mwafika kumene mumapita. Poti ku London kulibe ndege yobwera molunjika ku Lilongwe, munthu amasinthira pena, ndiye chofunika nchakuti ulendo wonsewo ukhale pa tikiti imodzi. Ya achemwali inali imodzi, ndinaiona. Kuchedwa kumayambira pa maola 3. Ulendo wautali woposa makilomita 3,500, ukachedwa kupitirira maola 4, chipepeso chake ndi 600... ayi ayi, 600 ndi mayuro, imeneyo ndi ya wonyamukira ku Ulaya, ngati ku Ireland. Ya ku UK ndi mapaundi 520. Pakati pa maola 3 ndi 4 akhoza kupereka theka, 260. Achemwali amayenera kutera Lachisanu masana, anatera Loweruka madzulo ife titavundukula kale chiliza, nyama itatha, ndiye zowerenga maola palibenso.

Ndikumva kuchokera kuno kuti watsegula kale kalikuleta. Tseka.

Pali koma. Ngati chochedwetsa chinali nyengo yoipa, kapena zachitetezo, kapena sitalaka ya anthu olondolera ndege mumlengalenga aja, kampani imasamba m'manja, chipepeso palibe. Koma ngati ndi ndege yawo yomwe inawonongeka, kapena oyendetsa anasowa, nthawi zambiri sangathawe. Ndiye achemwali afunse, kampani ilembe chifukwa chake pa imelo, osati zongouzidwa pakamwa pa kauntala. Chakudya ndi hotela ya usiku umene anagona panjira ndi nkhani ina, zimenezo amayenera kupatsidwa ngakhale chifukwa chikhale mvula. Ngati analipira okha, lisiti likhalepo. Ndipo akawanyengerera ndi vocha yoti adzakwerere ulendo wina, asasaine msanga, ali ndi ufulu wonena kuti ndikufuna ndalama. Za pobwerera usaziwerengere, kuchoka kuno pa ndege ya kampani yosakhala ya ku UK kapena ku Ulaya lamulo lija silikufikira. Nthawi yodandaula ilipo yambiri, ku England mpaka zaka 6, koma ya katundu ndi yaifupi: sutikesi ikafika yosweka ndi masiku 7, ikachedwa ndi masiku 21 kuchokera tsiku lomwe wailandira. Fomu ili pa webusayiti ya kampaniyo, angalembe okha. Aja amati tikuthandizani kutolera amadulapo gawo lawo.

Tsopano tabwera kuno, mwamuna wanga. Iwe sumafunsa za lamulo la ku London. Iwe ukufunsa za galimoto. Unahayala Sienta pano pa Lizulu, Lachisanu mpaka ku Lumbadzi, kudikira mpaka mdima, kubwerako chimanjamanja. Loweruka kubwereranso, chiliza cha agogo ako wosachiona nkomwe, petulo wa m'zigubu wogula pa mtengo wa misala. Ndipo mpaka lero palibe wakufunsa kuti msuweni, unaononga zingati. Ndikunama? Ndiye wamva mphekesera zoti azungu amalipira, mtima wayamba kuti mwina achemwali analandira kale ali phee.

Sanalandire. Ndinacheza nawo Lachiwiri, sakudziwa nkomwe kuti kuli zotere, boarding pass anaipeza mwamwayi m'thumba la jekete. Ndipo ngakhale adzalandire, ndalama imeneyo ndi ya munthu amene anakhala pa mpando wa ndege, amene anagona pa benchi kudziko la eni akulira kuti chiliza chimudutsa. Ngakhale wogula tikiti alibepo gawo, nanji iwe wodikira panja pa geti ukudya chimanga chootcha. Ya galimoto ndi ngongole yathu ife abanja, tonse amene tinakutuma.

Ukanakhala mwana weniweni wa bambo ako aakulu ukanatenga lisiti kwa dalaivala uja, mwina achemwali akanayesa kuliphatikiza pa zomwe anaononga chifukwa cha kuchedwako. Koma ndikumudziwa mnyamata ameneyo, lisiti lake ndi "zikomo bwana". Ndiye usadikire mapaundi, zimenezo zimatenga miyezi, mwinanso akana nkuyamba kukokanakokana pa imelo. Iwe lemba pa gulupu pompano: hayala zakuti, petulo zakuti, masiku awiri. Tigawana, ine ndiyamba, kachewere akangokwera lole Lachinayi. Achimwene a ku Mlangeni nawonso asabisale, ndikuona kuti akumvera, timizere tabuluu sitinama.

Achemwali, ngati mukumva, pepani ndakuululani. Jambulani boarding pass ija mbali zonse ziwiri, ndi imelo ya tikiti, munditumizire kumbali, tilembe limodzi usiku uno magetsi akakhalapo.

Wamva, msuweni? Ya ndege ndi ya achemwali, ya Sienta ndi yathu tonse, ndipo uitchule ndi pakamwa pako, osati kuzungulira ku London. Eee, nsima ikupserera... iwe mwana, ndinati uvundule! Ndiimbanso.