Khansala wabwera ndi mayina a anthu a chipani chake kuti apatsidwe mabenchi mumsika: ndikane?

Mayi ena amene amagwira ntchito yoyang'anira misika ku khonsolo ya mzinda wina anditumizira imelo. Akuti msika wawo wakonzedwa, mabenchi atsopano atsala pang'ono kugawidwa, ndipo khansala wa deralo wawabweretsera pepala la mayina, onse a chipani chake. Amayi a tomato ndi usipa amene akhala akudula tikiti tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri sali papepalapo. Funso lawo ndi ili: "Kodi khansala si bwana wanga? Komanso chipanicho ndi chomwe ine ndimavotera. Ndikakana sindikhala ngati ndagalukira?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Kanani, ndipo lamulo lili kumbali yanu. Kungoti kukana kuli ndi kachitidwe kake.

Tiyambe ndi za ubwanazo. Khonsolo ili ndi mbali ziwiri. Makhansala amasankhidwa ndi anthu m'mawodi, ambiri amaimira zipani, ndipo pamenepo palibe cholakwika chifukwa ndale ndiyo ntchito yawo. Ndiwo amasankha meya pakati pawo, kuvomereza bajeti ndi kukhazikitsa malamulo a mzinda. Mbali inayo ndi inuyo ogwira ntchito, motsogozedwa ndi mkulu wa khonsolo. Mphamvu ya khansala ili mumsonkhano wa khonsolo ndi m'makomiti ake, momwe zogwirizana zimalembedwa m'maminitsi. Akatulukamo n'kufika yekha patebulo panu ndi pepala lochokera m'thumba la jekete, angathe kupempha kapena kudandaula m'malo mwa anthu ake, koma kukulamulani ayi.

Gawo 193 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa boma kapena chipani kugwiritsa ntchito wogwira ntchito m'boma, ndalama kapena katundu wa boma potukula chipani china kapena kufooketsa china. Wina anganene kuti gawoli likukamba za a ku Capital Hill, osati a khonsolo. Chabwino, koma gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha maganizo ake pa ndale, ndipo limeneli silisankha ofesi. Gawo 43 ndiye limakhudza tebulo lanu lenilenilo: munthu amene chiganizo cha ofesi ya boma chamukhudza ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Tsono taganizani mayi wa usipa uja atabwera ndi matikiti ake akale, omanga ndi mphira m'kajumbo, n'kunena kuti mundilembere chifukwa chomwe mwandimanira benchi. Mulemba chiyani?

Nkhani ya msika imandikhudza kwambiri chifukwa ndi pachipata cha msika pomwe dziko lino linaonera zakuda. Nthawi ya chipani chimodzi, achinyamata a chipanicho, otchedwa a Yufi, ankaima pachipata kufunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa, dengu lili pamutu, ndiwo zikufota ndi dzuwa. Anthu atavotera zipani zambiri mu 1993, china chimene ankachikana ndi chimenechi, kuti munthu agule ufulu wofuna chakudya cha ana ake ndi khadi. Pepala la khansala wanulo likubweretsanso zomwezo, kungoti tsopano akufuna kuti woima pachipata mukhale inu.

Sindikuti makhansala onse ndi oipa. Ambiri amapanikizidwa ndi anyamata amene anawachitira kampeni, omwe amagogoda pakhomo m'mamawa kufuna malipiro a thukuta lawo. Komanso tisaiwale kuti makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Zaka zonsezo chizolowezi chodziwa malire a khansala ndi a kalaliki sichinakule. Kusintha kwa lamulo la maboma ang'ono mu 2010, komwe kunapatsa nduna mphamvu yosankha akuluakulu a makhonsolo, kwa ine kunaonjezera vuto, chifukwa munthu amayang'ana kumene kunachokera mpando wake.

Za chipani chanu, palibe amene akukulandani. Voti yanu ndi yachinsinsi, mukaponyere amene mukufuna. Koma nsalu ya chipani isalowe muofesi, galimoto ya khonsolo isatute anthu kupita kumsonkhano wa ku Njamba kapena ku Masintha, ndipo wotolera ndalama za tikiti asalumphe benchi ya munthu poti ndi "wathu". Kumbukiraninso kuti boma la dziko lino lasintha manja mu 2012, 2014, 2020 ndi 2025. Khansalayo nthawi yake ndi zaka 5. Siginecha yomwe idzatsale pafayilo ofufuza za chuma akadzabwera ndi yanu.

Nanga mukane bwanji? Musakangane nawo pagulu, ndipo musawauze kuti akuchita zachinyengo. Alandireni mwaulemu, muwauze kuti, "A khansala, mndandanda ulipo kale, ine ndekha sindingausinthe. Pempho lanuli lidzere kwa mkulu wa khonsolo, lolembedwa." Zopempha zambiri zamtunduwu zimathera pomwepo, chifukwa wozipempha safuna dzina lake pansi pa kalata yotere. Tsiku lomwelo lemberani bwana wanu kalata yaifupi yofotokoza zachitika, muikepo deti, kope ina musunge kunyumba.

Chimene chingakutetezeni koposa ndi kuika zonse poyera. Pemphani chilolezo kuti mndandanda wa oyenera kulandira mabenchi umatidwe pakhoma la ofesi ya msika masiku angapo kugawa kusanachitike, pamodzi ndi mfundo zomwe mwatsata: amene anali ndi malo msika usanakonzedwe, amene amadula tikiti, amene analembetsa poyamba. Itanani komiti ya msika idzakhalepo. Mabenchi akachepa, chitani maere anthu onse akuona. Khansalayo muwaitanenso, akhale pampando wakutsogolo. Mwa anthu a papepala lawo aja, amene akukwanira pa mfundozi alandire ngati wina aliyense, pakuti kuwamana chifukwa cha chipani chawo kukhalanso kulakwa komweko.

Sindikunamizani kuti palibe choopsa. Anthu amasamutsidwa mwadzidzidzi pa nkhani ngati zimenezi, ena amaiwalidwa pokweza maudindo. Zikakuchitikirani, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu ochitiridwa nkhanza ndi maofesi a boma, ndipo kudandaulako n'kwaulere. Mukamva kuti mayina enawo analowa papepala atapereka kangachepe, imeneyo ndi nkhani ya bungwe lothana ndi katangale la ACB. Konseko chinthu choyamba chomwe adzakufunseni ndi umboni, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kalata ija. Ilembeni lero, kugawa kusanayambe, ndipo mudzandiuze momwe zayendera.