Mafunso Anu: Kodi a Shemu Joyah anafika bwanji pa ntchito ya mafilimu?

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Ndikufuna kuyamba kupanga mafilimu, koma sukulu ya lusoli sindinapiteko. Ndamva kuti a Shemu Joyah anayambira ntchito ina. Kodi n'zoona, nanga ndingaphunzirepo chiyani?

YANKHO: N'zoonadi, achimwene. A Charles Shemu Joyah ntchito yomwe anaphunzira ndi yoyeza malo, ndipo mafilimu anawayamba ali munthu wamkulu kale, kudzera m'kampani yawo ya FirstDawn Arts. Chomwe chimawasiyanitsa ndi ambiri n'chakuti nkhani za mafilimu awo amalemba okha, kenako n'kutsogolera okha ochita sewero pojambula.

Filimu yawo yoyamba yaitali, Seasons of a Life, imanena za mtsikana wolera mwana yemwe bwana wake anampatsa pathupi, ndipo patapita zaka, mtsikanayo ataphunzira zamalamulo, anabwerera kudzamenyera mwana wake kukhoti. Nkhani yotere timaimva m'makomo mwathu mpaka tinaizolowera, koma iwo anailemba moti wantchito uja, yemwe nthawi zambiri amangoonekera kukhitchini, ndiye mwini nkhani. Tapiwa Gwaza anapata mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010 chifukwa cha mbali yomwe anasewera m'filimuyi.

Mu 2012 kunabwera The Last Fishing Boat, yonena za msodzi wa kunyanja yemwe nsomba zikumuthera, kwinaku alendo odzaona malo akusintha moyo wa mudzi wake. Mu 2017 anatulutsa The Road to Sunrise, nkhani ya amayi oyendayenda a mumzinda wa Blantyre. Filimuyi inapambana ngati filimu yabwino koposa ya kum'mwera kwa Africa pa mphoto za Africa Magic Viewers' Choice Awards (AMVCA) ku Lagos mu 2018, ndipo ndi yoyamba yomwe Malawi inatumiza ku mpikisano wa Oscar. Mphoto ya AMVCA yomweyi inali itabwerapo kale kuno mu 2016 ndi mayi Joyce Mhango Chavula, ndi filimu yotchedwa dzina la mzinda wanu womwewu, Lilongwe.

Taonani zaka zomwe zimadutsa pakati pa filimu ina ndi inzake. Kuno ndalama zojambulira n'zovuta kupeza, nyumba zoonetsera kanema n'zochepa, ndipo filimu ikangotuluka ena amaikopera n'kumaigulitsa mwachinyengo, mwini wake osapindula.

Ife tikuona kuti mwayi wanu uli m'manja kale. Amene amajambula chinkhoswe amadziwa kudikira mphindi yomwe ankhoswe akumana maso, ndiponso amadziwa kuti mawu akasokonekera ndi mphepo, chithunzi chokongola sichithandiza kanthu. Chomwe chikusowa n'cholembedwa. Lembani nkhani ya mphindi 10, ya anthu atatu m'nyumba imodzi, muiwerenge mokweza ndi anzanu, ndipo chiganizo chilichonse chomwe munthu wa ku Area 25 sangachinene muchichotse musanabwereke n'komwe maikolofoni.