Kaboti kanu kakuoneka ka ku Britain, koma musakapale kaye

Achimwene, ndaona zithunzi za kaboti kosema ka theka (mbali imodzi yokha ya boti) komata pa thabwa kamene mwagula pa msika wa zinthu zakale ku Scotland, ndipo mukufunsa kuti kakuimira boti liti komanso analipanga ndani. Ndisanayankhe, ndikupempheni chinthu chimodzi: sandipepa ndi vanishi zimene mwati mugule Loweruka zija zisiyeni. Timizere ta pensulo, manambala ndi tizibowo ta singano timene mukuti ndi litsiro ndi umboni wake, ndipo mukapala ndiye kuti mwafufuta kalata musanaiwerenge.

Zinthu izi zili mitundu iwiri. Pali zosemedwa kuti zikongoletse khoma, ndipo zambiri zimene zimagulitsidwa ndi zoterezi, makamaka zofanizira boti lotchuka la America limene linapambana mpikisano wozungulira Isle of Wight mu 1851. Ndiye pali zimene amisiri ankagwiritsa ntchito. Mmisiri ankasema mbali imodzi yokha, poti inayo n'chimodzimodzi, mpaka maso ndi dzanja zitakhutira. Kenako ankayeza, n'kukulitsa miyesoyo pansi m'chinyumba chachikulu, ndipo nthiti za boti zinkadulidwa potsatira mizere imeneyo.

Kanuko mwati ndi ka timatabwa tosanjikiza. Chimenecho n'chizindikiro chabwino, chifukwa ankatero kuti azitha kuphwasula n'kujambula kathabwa kalikonse pakokha. Koma osangalala msanga, okongoletsa nawonso amasanjikiza. Tembenuzani muone kumbuyo. Ngati timatabwato tagwirana ndi masikuluwu kapena zikhomo zamtengo zotheka kuzula, n'kutheka kuti n'kantchito. Ngati n'guluu yekhayekha, ndiponso pamwamba pali timilongoti ndi tizitsulo tonyezimira, n'kokongoletsa. Muonenso mitu ya masikuluwu: ya mtanda ija inayamba kufala m'ma 1930, choncho ikapezeka ndiye kuti mwina chinthucho n'chaposachedwa kapena wina anachisinthira thabwa.

Tsopano maonekedwe, amene kwa ine ndiye nkhani yokoma. Mwati kutalika ndi masentimita 72 ndipo katuluka pa thabwa masentimita 6. Poti ndi theka, m'mimba mwa boti lonse ndi 12, kutanthauza kuti kutalika kukuposa m'mimba kasanu ndi kamodzi. Limenelo ndi boti lowonda kwambiri. Onjezani kuti ndi lakuya, mphuno yake yaima chilili, ndipo kumbuyo kwatalika mopendekera pamwamba pa madzi. Zonsezi zikuloza ku ma cutter (maboti a matanga a mlongoti umodzi) a ku Britain a m'ma 1870 ndi 1880. Sikuti amisiri ankangokonda kuwonda. Lamulo loyezera maboti a mpikisano la Thames Measurement, la mu 1855, linkalanga boti lotambalala, ndiye anthu anayamba kuwafinya n'kumangirira mtovu wolemera pansi kuti asagubuduzike ndi matanga. Lamulo litasintha chakumapeto kwa ma 1880, n'kumayang'ana kutalika ndi kukula kwa matanga, maboti otere anatha msanga. Pofika 1893 G. L. Watson wa ku Glasgow anali atajambula Britannia, ya mphuno yokhota ngati chipande.

Aku America nthawi imeneyo ankachita zosiyana: maboti otambalala, osazama, okhala ndi thabwa lotsitsa pakati. Mu 1885 mitundu iwiriyi inakumana pa mpikisano wa maboti wa America's Cup. Genesta ya ku Britain ndi Puritan ya ku America, yojambulidwa ndi Edward Burgess, zinali pafupifupi zofanana kutalika pa madzi, mafiti 81, koma m'mimba Genesta inali 15 pamene Puritan inapitirira 22. Inapambana ndi Puritan. N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi bambo wina amene wakuyankhani kuti kabotika ndi ka Herreshoff wa ku America. Nathanael Herreshoff wa ku Bristol, Rhode Island, ankasemadi maboti ake motere, koma zosema zake zambiri zili ku nyumba yosungira zakale ya kwawo komweko, ndipo kuwonda kumeneku si kwake.

Kuti mudziwe kukula kwa boti lenilenilo, yesani masikelo amene ankakonda. Theka la inchi pa fiti imodzi ndi 1:24, ndiye masentimita 72 akupereka mamita 17 ndi pang'ono. Inchi yathunthu pa fiti ndi 1:12, pafupifupi mamita 8.6. Mtunda wa pakati pa mizere yoimirira ya pensulo ija, mukauyeza mu mainchesi, nthawi zambiri umaulula sikelo yoyenera.

Za dzina la wojambula ndikuuzeni chilungamo. Anthu amathamangira kunena William Fife wa ku Fairlie kapena Watson chifukwa mayinawo amakweza mtengo, koma m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland munali timakampani tambiri topanga maboti ofanana. Popanda cholemba, maonekedwe amakupatsani dziko ndi zaka, osati munthu. Unikani kumbuyo ndi tochi moipendeketsa, zolemba zofufutika zimaoneka. Mukapeza dzina kapena nambala, kafufuzeni mu Lloyd's Register of Yachts, imene inayamba mu 1878 ndipo inkalemba wopanga, chaka ndi miyeso. Mungathenso kutumiza zithunzi ku Scottish Maritime Museum ku Irvine, kumene si kutali ndi kwanuko. Jambulani cham'mbali ndendende, chapamwamba, chakutsogolo ndi kumbuyo kwa thabwa, rula ili pomwepo. Fumbi lichotseni ndi kabulashi kofewa kouma, ndipo musakapachike pamwamba pa hita, timatabwato tingatseguke.