A kochi, mnyamata wosachinyayo musamusiye

Mwa makalata amene afika pa imelo sabata ino, ndasankha kuyankha ya kochi wina wophunzitsa timu ya basketball ya anyamata ku Area 25. Ali ndi osewera 13, koma papepala la masewero pamalowa mayina 12 okha, ndipo malo otsalawo akulimbirana anyamata awiri. Woyamba ali ndi dzanja, akaponya wa mapointi atatu umalowa, koma pobwerera kukatchinga amangoyenda. Wachiwiri kuchinya n'kwa apo ndi apo, komatu akalowa m'bwalo amathamangira mpira uliwonse, amakuwa, anzake omwe amaodzera n'kudzuka. "Anzanga akuti nditenge wochinyayo poti masewero amapambana ndi mapointi," akutero kochiyu. "Nanga thukuta ndi phokoso zili ndi mtengo wanji?"

A kochi, tengani wachiwiriyo. Koma musamutengere phokoso.

Anzanuwo sakunama, mapointi ndiwo amapambanitsa. Chomwe aiwala n'chakuti munthu sangachinye mpira uli m'manja mwa adani. Mu basketball mpira umasinthana: inu mukaponya, kaya walowa kaya ayi, nthawi zambiri umapita kwa adani. Njira zoswera kusinthanaku n'zochepa, ndipo zonse ndi ntchito ya mnyamata wanu wachiwiriyo. Akalanda ribaundi (mpira womenya ringi osalowa) pansi pa ringi ya adani, malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, amakupatsani masekondi 14 atsopano oti muponyenso. Akatsomphola mpira, kapena akaima nji wosewera wa adani n'kumugunda pachifuwa oyimbira n'kuliza faulo, ndiye kuti adaniwo abwerera osaponya n'komwe. Tiyerekeze kuti wachita zimenezi kanayi m'mphindi khumi. Ameneyo wakupatsani mipata inayi imene simukanakhala nayo, ndipo amene adzaponye mipirayo ndi akatswiri anu omwe muli nawo kale. Wosewera wotsiriza pamndandanda wa 12 yemwe luso lake n'kuponya basi adzagwira mpira kangati? Mwina kawiri, ali wozizira chifukwa chokhalitsa pabenchi.

Kumbukirani ndime yomaliza ya NBA, ligi yaikulu ya ku America, ya 1996, Chicago Bulls ndi Seattle SuperSonics. M'masewero achisanu ndi chimodzi, omwe Bulls inatengera chikho, katswiri wa timuyo Michael Jordan anaponya ka 19 koma inalowa 5 yokha. Tsiku loipa ndithu. Mnzake Dennis Rodman anachinya mapointi 9 okha, koma anatola maribaundi 19, ndipo 11 mwa amenewo anali a pansi pa ringi ya Seattle. Bulls inapambana 87 kwa 75. Rodman anatsogola ligi yonse pa maribaundi zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, ndipo Jordan ndi katswiri mnzake Scottie Pippen sankamufunsa za mapointi. Mu 2015 Andre Iguodala anakhala akuyambira pabenchi chaka chonse ku Golden State Warriors. Timu itatsalira 2 kwa 1 m'ndime yomaliza, kochi Steve Kerr anamuika m'gulu loyamba, ntchito yake yaikulu ili yomaka LeBron James, katswiri wa adani awo a Cleveland Cavaliers. Warriors inapambana masewero atatu otsatizana, ndipo mphoto ya wosewera wopambana onse m'ndimeyo inapita kwa Iguodala, osati kwa katswiri wawo wochinya Stephen Curry.

A NBA eni ake anazindikira kuti pepala la ziwerengero linkabisa anthu otere. Anayamba kuwerenga mipira yomwe wosewera waikhudza n'kuipatutsa, mipira yotayika yomwe waitola, mafaulo omwe wapangitsa adani pomugunda, ndi masikirini (kuima panjira ya mdani womaka mnzako) omwe atsegulira mnzake kuti achinye. Mu 2017 anakhazikitsa mphoto yake, ndipo woyamba kuilandira anali Patrick Beverley. Ife kuno makamera oterowo tilibe, koma kope ndi bolopeni zilipo. Pezani mwana mmodzi wa pabenchi azilemba kamzere nthawi iliyonse wosewera wachita chimodzi mwa zinthu zinayizi. Pakatha masewero atatu mudzakhala ndi choonetsa makolo amene amangowerenga mapointi.

Tsopano mbali yomwe ambiri safuna kuimva. Wosewera wamoto ali ngati tsabola wa kambuzi: pang'ono akometsa ndiwo, mukachulutsa mphika wonse sudyeka. M'malamulo a FIBA munthu akachita mafaulo 5 watuluka, ndipo timu ikakwanitsa mafaulo 4 m'kota imodzi, faulo iliyonse yotsatira potchinga imapereka kwa adani ma free throw awiri, mwayi woponya popanda wotchinga. Mnyamata wolowa ndi changu chopanda mutu angathe kuchita mafaulo atatu m'mphindi ziwiri, ndipo kota yonseyo akatswiri anu azitchinga manja ali kumbuyo. Ndaona anyamata otere m'masewero a ligi ya chigawo chapakati, anthu akuwaombera m'manja pomwe akugwetsa timu yawo. Kudumphira mpira uliwonse wodutsa nakonso n'kutchova juga: ukauphonya, munthu wako watsala yekha, anzako anayi akulimbana ndi asanu. Choncho funso loti mudzifunse si lakuti "kodi amalimbikira?" koma "kodi amamva?" Mukamuuza kuti maka nambala 7, usamulole kulandira mpira, manja m'mwamba, osamenya, amachita zomwezo? Ngati amatero, muli ndi chida. Ngati satero, ntchito yanu ya mwezi uno ndi imeneyo.

Mupatseni ntchito ziwiri zokha, zomveka. Kumaka wosewera wa adani amene amayendetsa mpira kuyambira kumapeto kwa bwalo, ndi kuthamangira ribaundi mpira uliwonse ukaponyedwa. Pa mbali yochinya, aphunzire kuika sikirini yolimba osasuntha miyendo, ndi kulowetsa layup, mpira woponya ali pansi penipeni pa ringi, akatsala yekha. Izi zokha. Vuto la wosewera wosachinya ndi lakuti adani amamusiya n'kukaunjikana pa katswiri wanu, ndiye aziwalanga pothamangira kuringi kumbuyo kwawo. Ma free throw aziponya tsiku lililonse musanatseke maphunziro, chifukwa munthu wolimbana pansi pa ringi amachitiridwa mafaulo ambiri.

Nthawi yomulowetsa nayo ndi luso. Masewero a FIBA ndi mphindi 40, makota anayi a mphindi 10, ndipo matimu athu ambiri amadalira anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Pa bwalo la panja m'dzuwa la Okutobala, miyendo imayamba kulemera kumapeto kwa kota yachiwiri ndi pakati pa yachitatu. Apo ndiye pake. Mphindi zitatu kapena zinayi, athamange mpaka mpweya uthe, atuluke. Mukamusiya mphindi 25 moto uja umazima, n'kutsala wosewera wamba wosadziwa kuponya.

Ndiponso, poti sitonse timasewera pa matabwa, muphunzitseni kugwa. Pa simenti munthu sagwera mawondo kapena zigongono. Atsike kaye, atambasule thupi, atsetsereke chammbali, ndipo ngati ndalama ilipo mugulireni zotchinga mawondo. Kupanda apo mudzamutaya masewero achiwiri omwe.

Za mnyamata wa dzanja uja, musamuthamangitse. Apitirize kubwera ku maphunziro, ndipo mumuuze mosabisa chomwe chamutsalitsa: sabwerera kukatchinga. Pa masewero oyeserera muziwaika awiriwa kuti azimakana. Mmodzi adzaphunzira kuponya munthu ali pamphuno pake, winayo adzaphunzira kumaka wodziwa kuponya popanda kumugwira dzanja. Mndandanda wa 12 mungathe kuusintha masewero otsatira ngati malamulo a mpikisano wanu alola, ndipo anyamata onse awiri adziwe zimenezo lero.