Kodi Amormoni amaphunzitsadi kuti munthu adzakhala mulungu?

Mayi wina wa ku Lilongwe watilembera imelo. Akuti mwana wawo wayamba kuphunzira ndi amishonale a Amormoni, anyamata ovala malaya oyera aja, ndipo abusa awo anawachenjeza kuti mpingo umenewo umati anthu adzasanduka milungu. Atawafunsa anyamatawo, anangoyankha kuti cholinga n'kukhala ngati Atate akumwamba. Funso lawo n'lakuti, akunama ndani?

Mayi, abusa anu sananame, anyamatawonso sananame, kungoti sanakuuzeni zonse. Koma choyamba dziwani kuti Amormoni si gulu limodzi. Amene amagogoda pamakomo kuno ndi a mpingo waukulu wa ku Salt Lake City, ku Utah m'dziko la America, ndipo umenewo umaphunzitsadi zimenezi.

Chiphunzitsochi sichinabwere tsiku limodzi. Pamene Joseph Smith ankayambitsa mpingo mu 1830, Buku la Mormoni linali litangotuluka, ndipo silinena zoti Mulungu anali munthu. Pa Moroni 8:18 limati Mulungu sasintha kuchokera ku muyaya mpaka muyaya. Mu 1832 m'pamene Smith analemba za maufumu atatu a ulemerero amene anthu amalowa akamwalira, n'kutchula olowa mu ufumu wapamwamba kuti milungu, ana a Mulungu. Mu 1843 panabwera vumbulutso limene lero ndi gawo 132 la Doctrine and Covenants, limodzi mwa mabuku awo opatulika, lonena kuti okwatirana mwa pangano losatha adzakhala milungu. Gawo lomwelo ndi limene linaloleza mitala, ndipo mikangano yambiri ya pambuyo pake inaphukira pamenepa. Kenako pa 7 Epulo 1844, ku Nauvoo, mzinda umene Amormoni ankakhala nthawi imeneyo, Smith analalikira pokumbukira King Follett, membala amene anafa pangozi ya pachitsime. Mu ulaliki umenewo ananena poyera kuti Mulungu Atate anakhalapo munthu padziko lina, ndipo anthu ayenera kuphunzira kukhala milungu pang'onopang'ono. Lorenzo Snow, amene anadzakhala pulezidenti wachisanu wa mpingowo, anazimanga m'mawu awiri: monga munthu alili, Mulungu analinso tero; monga Mulungu alili, munthu angadzatero.

Njira yake ili ndi makwerero. Munthu amabatizidwa kuyambira zaka 8 n'kusanjikidwa manja. Mwamuna amalandira unsembe wa Melikizedeki, umene ndi unsembe waukulu mu mpingowu. Kenako munthu amafunsidwa mafunso ndi atsogoleri awiri kuti apatsidwe chikalata cholowera m'kachisi, ndipo amayenera kupereka chakhumi chonse, kupewa mowa, fodya, tiyi ndi khofi. M'kachisimo amachita mapangano, ndipo chomaliza ndi ukwati womangidwa mpaka muyaya. Popanda ukwati umenewu munthu atha kulowa mu ufumu wapamwamba koma safika pa udindo wapamwamba zedi, pamene banja limapitiriza kukhala ndi ana kosatha. Omwalira osachita miyamboyi amawachitira ndi amoyo. N'zopweteka kutchula, koma mpaka 1978 anthu akuda sankaloledwa unsembe kapena miyambo ikuluikulu ya m'kachisiyi, kutanthauza kuti khomo lenilenilo linali lotsekedwa kwa ife pamoyo uno.

Kugawikana kunayamba Smith akadali moyo. William Law, amene anali phungu wake, anatulutsa nyuzipepala ya Nauvoo Expositor pa 7 Juni 1844 yodzudzula mitala ndi chiphunzitso cha milungu yambiri. Makina osindikizira anaphwanyidwa patangopita masiku atatu molamulidwa ndi Smith ndi khonsolo ya mzindawo, Smith anatsekeredwa m'ndende ya m'tauni ya Carthage, ndipo pa 27 Juni gulu la anthu linamupha m'ndende momwemo.

Ambiri anatsata Brigham Young kupita ku Utah mu 1847. Iye anawonjezera zake: mu 1852 analalikira kuti Adamu ndiye Atate ndi Mulungu wathu. Mtumwi Orson Pratt anakana zimenezi pamaso pake, ndipo mu 1976 pulezidenti Spencer W. Kimball anazitcha chiphunzitso chonyenga. Koma timagulu ta mitala, monga FLDS ndi Apostolic United Brethren, amene sanavomereze kuti mpingo usiye mitala monga unalengezera mu 1890, amati mpingo waukulu ndiwo unasochera. Ambiri mwa iwo amagwirabe za Adamu zija, ndipo amati popanda mitala palibe kufika pa umulungu.

Mbali ina kuli amene sanapite ku Utah, n'kudzasonkhana mu 1860 pansi pa Joseph Smith III, mwana wa woyambitsa uja. Likulu lawo lili ku Independence, Missouri, ndipo kuyambira 2001 amadzitcha Community of Christ. Gawo 132 lija mulibe m'buku lawo, sachita ukwati wosatha, ndipo amakhulupirira Utatu Woyera pafupifupi ngati mipingo ya Chipulotesitanti.

Nanga anyamatawo anayankhiranji mozungulira? Mpingo wa ku Utah umagwiritsa kwambiri theka lachiwiri la mawu a Snow, loyamba lija amalitchula mosamala. Gordon B. Hinckley, amene anali pulezidenti wa mpingowo nthawi imeneyo, atafunsidwa ndi magazini ya Time mu 1997 ngati Mulungu anali munthu, anayankha kuti sakudziwa ngati amatsindika zimenezo. Mu 2014 mpingo unatulutsa nkhani yovomereza kuti munthu angalandire zonse zimene Atate ali nazo, koma unakana zonyoza zoti aliyense adzapatsidwa dziko lakelake. Amatchula Salmo 82:6, Aroma 8:17 ndi 2 Petro 1:4. Mipingo ina imayankha ndi Yesaya 43:10, ndipo kusiyana kwenikweni kuli apa: kwa Akatolika ndi Achiorthodox munthu amagawana moyo wa Mulungu mwa chisomo koma amakhalabe cholengedwa, pamene kwa a ku Utah munthu ndi Mulungu ndi mtundu umodzi, monga mwana ndi bambo ake.

Akadzabweranso, musawafunse ngati mudzakhala ngati Mulungu, chifukwa Mkhristu aliyense avomera zimenezo. Apempheni atsegule gawo 132, muwerengere limodzi ndime 19 ndi 20 mwana wanu ali pomwepo, kenako muwafunse ngati Atate akumwamba anakhalapo munthu.