Magazi m'diso mwana atagendedwa ndi legeni

Pepani kwambiri mayi ndi zomwe zamuchitikira mwanayo. Mwanena kuti mnzake anamugenda ndi legeni dzulo ndipo magazi akuoneka atakhazikika kumunsi kwa mbali yakuda ya diso ngati madzi m'kapu, ndiye mukufunsa ngati mungodikira aphwe okha. Ayi chonde musadikire, pitani naye kuchipatala lero lomwe.

Magazi akakhala pa choyera cha diso nthawi zambiri amatha okha pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri, koma awa ali mkati ndi nkhani ina, madokotala amati hyphema. Magaziwo amatha kutseka njira yomwe madzi a m'diso amatulukira ndiye presha ya m'diso imakwera n'kuononga mtsempha woonera, ukaonongeka umenewo subwereranso. Chondiopsa kwambiri ndi choti pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu diso limatha kutulutsanso magazi kachiwiri, ndipo achiwiriwo amakonda kukhala ochuluka kuposa oyamba. Mwana wa achemwali anga zinamuchitikira atamenyedwa ndi mpira, tsiku lachitatu tinkati wachira mpaka anayamba kuthamanga panja, m'mawa mwake diso lonse linali bii akusanza mutu ukumuwawa. Anachira inde koma tinagona naye kuchipatala masiku angapo.

Musanafike kuchipatala, asamatikite disolo, dulani kapu ya pulasitiki mutenge kumunsi kwakeko muvindikire diso n'kumata ndi pulasitala, isakhudze diso lenilenilo. Pogona mutu ukhale m'mwamba, muikireni mapilo awiri atatu kuti magazi azitsikira pansi. Asathamange, asawerame, za mpira aiwale kaye. Ngati akumva kuwawa mpatseni Panado basi, asipirini, bulufeni ndi diclofenac ayi chifukwa amachititsa kuti magazi asaundane bwino. Ndipo anthu akuuzani zambiri, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, masamba ofinya, ena mpaka mkodzo, chonde musadonthezemo kalikonse ngakhale mankhwala a m'maso otsala a munthu wina.

Ngati muli ku Blantyre pitani ku Lions Sight First Eye Hospital pa Queens, ku Lilongwe kuli Kamuzu Central komanso Nkhoma, ku Zomba ndi Mzuzu Central akuona za maso aliko. Muli kutali yambirani pachipatala cha boma lanu mufunse a kilinikala a maso. Akayeza presha, akapereka mankhwala odontheza ochepetsa kutupa ndi ena opumitsa diso ngati atropine, magazi akakanika kuphwa ndi pomwe amakatsuka ku fiyeta.

Chinanso, ngati mwanayo kapena wina kubanja kwanu ali ndi matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell mukanene msanga asanalembe mankhwala, kwa ana otere ngakhale timagazi tochepa timakweza presha ndipo pali mankhwala ena omwe sawapatsa. Akachira muzikamuyezetsabe presha chaka ndi chaka, diso lovulala limatha kudzayamba glaucoma, matenda omwe presha ya m'diso imaononga mtsempha woonera, patapita zaka. Mutiuze akamuona.