Mbiya yoopsa kapena chimbiya? Mafunso a ojambula zithunzi

Sabata ino mafunso atatu abwera pa nkhani imodzi, anthu amene mumakonda kujambula zinthu wamba zapakhomo zikaoneka mwamtundu wina. Tiyambe ndi mnyamata wina wa ku Ulongwe. Akuti: "Aphunzitsi, ine ndimajambula pa foni zinthu ngati zitsa, makasu akutha, nkhokwe zakugwa. Tsiku lina madzulo ndinajambula mbiya yosweka ya agogo, ming'alu yake ikuoneka ngati nkhope ya munthu akulira, ndiye ndinalemba pa Facebook kuti ndachotsa foto ya mbiya yoopsa. Msuweni wanga wa ku Dedza anaseka mpaka. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, msuweni wanuyo anaseka mawu oti kuchotsa. Kuno ku Mozambique tinawatenga ku Chipwitikizi, tirar foto, ndiye popeza tirar ndi kuchotsa basi tinangotembenuza. Koma mukangodutsa pa chipata cha Calómuè kulowa ku Dedza munthu akumva kuti mwafufuta chithunzicho mu foni, ndiye akudabwa kuti nanga ichi ndikuonachi ndi chiti. Mawu omveka mbali zonse ndi kujambula, ena amati kutola chithunzi. Kujambulaku ndi mawu aulesi pang'ono ndivomere, mwana wolemba galimoto pa dothi akujambula, woimba mu situdiyo akujambula nyimbo, kuchipatala akakuunikani chifuwa akujambulaninso, koma amagwira ntchito. Foto ine sindilimbana nayo, amayi anga omwe amati foto.

Pamene ndikufuna tikhalitse ndi pa yoopsa. Mbiya yoopsa ndi yotani? Choopsa ndi chimene chingakupwetekeni, ng'ona za mu Zambezi, njoka mu nkhokwe, minibasi yopanda mabuleki. Mbiya ya agogo siluma munthu. Chimene munamva inu mutaima pamenepo dzuwa likulowa ndi kanthumanzi, mwina thupi linachita tsembwe pang'ono, ndipo Chichewa chili ndi njira yake yonenera zimenezi osasaka mawu akulu ayi. Ingoikani chi- kutsogolo. Mbiya ikhale chimbiya. Tamvani kusiyana kwake, "mbiya ija ili kuseri kwa nyumba" ndi "chimbiya chija chili kuseri kwa nyumba, chikungondiyang'ana maso tuzu". Chachiwirichi mwana sapitako usiku. Mtengo ndi mtengo koma chimtengo ndi nkhani ina, nkhokwe nkukhala chinkhokwe, khasu chikhasu. Chi- ameneyu amakulitsa chinthu komanso amachichotsa ulemu nkuchipatsa moyo wachilendo, ndendende zimene mumachita inu mukagwada pansi nkujambula mbiyayo kuchokera m'munsi kuti ioneke ngati phiri la Domwe. Chenjerani chabe kuti mukasintha dzina mawu onse otsatira asinthenso, chimbiya chosweka chija, osati chimbiya yosweka ija, zimenezo ndimaziona kwambiri ndipo zimandipweteka m'makutu. Ndipo mukafuna kuti chikhale chomvetsa chisoni osati chochititsa nthumanzi tengani ka-, kambiya kosweka kali kokhakokha pa bwalo. Chithunzi chomwecho, mawu awiri, anthu amva zosiyana.

Mwa njira, mwaonapo kuti chithunzi ndi mthunzi ndi abale? Mthunzi ndi umene timakhalapo kothawa dzuwa, chithunzithunzi ndi chija chimakutsatani mukamayenda, chithunzi ndi cha mu foni. Ndiye musalembe kuti mthunzi wa munthu uli pa khoma ngati mukunena chija chakuda chotalika miyendo, chimenecho ndi chithunzithunzi.

Funso lachiwiri ndi la mayi wina wa ku Moatize. Anajambula mlambe wopanda masamba nthawi ya chilimwe, pambali pake chulu chachitali, ndipo amafuna Chichewa cha mawu a Chipwitikizi oti escultura. Anauza agogo awo kuti taonani mafano awa, agogo nkukwiya.

Mayi, agogo anakwiya ndi chifukwa. Fano kwa munthu wopemphera ndi chinthu chopembedzedwa, lija lamulo la mu Eksodo 20 loletsa fano losema, ndiye munawauza kuti mwajambula milungu yachilendo. Chosemedwa pa mtengo chogulitsa kwa alendo ndi chiboliboli, kapena chosema. Chadothi sitisema, timaumba. Koma mlambe ndi chulu palibe anazisema, choncho ingonenani kuti mlambe waima njo ngati chiboliboli, nthambi zili m'mwamba ngati mizu, thunthu lili mbuu ndi fumbi la malasha. Chulu nacho nenani kuti chiswe chinaumba, ndi zoona kale. Ngati ameneyu ndi wokwanira. Mawu oti malodza asiyeni, malodza ndi chodabwitsa cholosera tsoka, mukalemba pansi pa chithunzi abale ayamba kuimba foni kufunsa kuti kwagwanji.

Lomaliza lachokera ku Furancungo m'boma la Macanga, ndipo ili ndalisunga dala. Bambo wina anapeza m'munda thumba lakale la feteleza litakolekedwa pa mtengo woopsezera mbalame, mphepo italifufumitsa, makoko a chimanga atamatirira m'munsi, mbandakucha kuli nkhungu. Akuti chinaoneka ngati cha kudambwe ndipo akufunsa ngati angalembe kuti chilombo.

Pa galamala palibe cholakwika bambo. Chilombo ndi nyama yolusa yakutchire, ndiponso ndi mawu amene timatchulira gule akatuluka, zilombo zatuluka. Vuto ndi lomwelo, kuti ku Macanga, ku Angónia, ku Chifunde mawuwa ali ndi eni ake. Gule wamkulu si masewera, UNESCO inauzindikira mu 2005 monga chuma cha Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi, ndipo gule wotchedwa kasiyamaliro amene chithunzi chanu chikukumbutsa ndi wolemekezeka kwambiri, amatuluka pa maliro. Kutchula thumba la feteleza dzina limenelo pagulu ena aona ngati mukunyoza, kapena mukuulula zosayenera kuululidwa, ndipo nkhani zotere kumudzi zimathera kwa amfumu. Ine ndikanakhala inu ndikanalemba chimene chilipo, chithumba chili njo pakati pa munda, kunja kuli zii. Amene akudziwa aona okha chimene chikufanana nacho, simufunika kuwauza.

Kupatula atatuwa, winanso anafunsa mwachidule ngati chachilendo ndi chodabwitsa ndi chimodzi. Ayi. Chachilendo ndi chimene simunachizolowere, chikuchokera ku mlendo. Chodabwitsa mwina mumachiona tsiku ndi tsiku koma lero chakuimitsani, ngati chipande cha nsima chitapachikidwa pa khoma nyali ya foni nkuchiponyera chithunzithunzi chonga mutu wa njoka. Chipande si mlendo pakhomo, ndiye chimenecho ndi chodabwitsa. Chikayamba kuyenda chokha ndiye mwafika pa chozizwitsa, ndipo pamenepo foniyo ikani m'thumba muthawe.